Telala Amene Anaima Kunja kwa Mpanda

Pakhonde la golosale ina ku Mchesi, moyang'anana ndi pamene amakhoma mbaula, pankakhala telala dzina lake a Weston Kamtedza. Makina awo anali opalasa ndi mwendo, ndipo tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo kupatula Lamulungu. Anali a ku Ntcheu, mkulu wa mpingo, munthu wosalankhula kawiri. Amayi a Mvano a dera lonselo ankasoketsa mabulauzi oyera kwa iwo chifukwa sankaumira nsalu. Siketi yotuluka m'manja mwawo inkafika mu akakolo, ngakhale mwini wake atachonderera kuti ilekeze m'mawondo. Wolimbikira kutsutsa ankamubwezera nsalu yake n'kumuuza kuti akasoketse ku Biwi.

Kumapeto kwa khonde lomwelo a Gilford ankayala nsapato za kaunjika. Iwowa pakamwa sipankatsekeka. Ankacheza ndi ogula, odutsa, ngakhale galu wawo wofiira amene ankagona pansi pa benchi. Anthu ankadabwa kuti awiriwa amagwirizana bwanji, koma zaka zinkapita ali pakhonde limodzi.

A Kamtedza ndi akazi awo a Magret anali ndi mwana mmodzi yekha, Mayankho. Ali wamng'ono, bambo ake akamutuma ulusi kumsika, ankabwerako iwo asanamalize kuthira mafuta m'makina. Masiku amenewo liwirolo ankalinyadira. Analeka kulinyadira mwanayo ali Fomu 3, tsiku limene a Gilford anafika ndi nyuzipepala akuikupiza m'mwamba.

"Akulu, mwabereka mphezi!" anakuwa a Gilford. "Taonani apa. Anzake wawasiya ngati akudikira minibasi."

Pakhondepo panali amayi awiri odikira mabulauzi, komanso a Felix, mkulu mnzawo wa mpingo amene anabweretsa jekete yong'ambika thumba. Onse anaunjikana pa chithunzicho. Ena anaona mtsikana akudula mzere manja ali m'mwamba. A Kamtedza anaona kabudula. Ndi diso la utelala anayeza nsaluyo n'kupeza kuti sikanakwana ngakhale matumba awiri a thalauza.

A Felix anakhosomola pang'ono. "Liwiro ndi mphatso, a Kamtedza, sitikukana. Koma mwana wa mkulu wa mpingo, ntchafu zili pamtunda dziko lonse likuona? Nanga achinyamata athu tikawauza chiyani?"

Amayi aja anayang'anana n'kukonza mipango yawo. Manyazi anawagwira a Kamtedza mpaka m'makutu munatentha. Munthu wina akanangoseka n'kunena kuti ana a masiku ano ndi choncho, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma iwo anaimirira, tepi ili lendelende.

"Mundimvere nonse muli pano. Zothamangazi ine sindinamutume. Tsiku limene mudzandione pabwalo ndikuonerera zimenezi, dzina langa mudzapatse galu wa a Gilford."

Anthu anaseka. A Felix anatenga jekete yawo n'kumapita, amayi aja analandira mabulauzi awo. Onsewo mawu aja anawasiya pakhonde pomwepo. Mwini wake yekha ndiye anawanyamula kupita nawo kunyumba.

Kunyumbako anayesa kuletsa, koma anapeza mwala. "Bambo a Mayankho," anatero a Magret, "aphunzitsi akuti miyendo imeneyi ikhoza kumutsegulira khomo la koleji. Mukufuna tiitseke ndi siketi?" Nkhani inapita kwa malume ake a mwanayo, a Lucious a ku Nsungwi, ndipo mwinimbumba anagamula kuti mwana athamange. A Kamtedza anangoti, "Chitani zimene mwaganiza. Koma maso angawa sadzaona."

Ndipo sanaonedi. Mayankho anakhoza mayeso n'kulowa koleji ina ya aphunzitsi mumzinda momwemo. Chaka choyamba chomwe anaphwanya rekodi ya mamita 100 ya atsikana a m'makoleji, nthawi imene inakhala zaka khumi ndi zisanu popanda woifika. Chaka chachiwiri anatenganso ya mamita 200. Kuyambira pamenepo analibenso wopikisana naye koma iye mwini, moti ankangophwanya zimene anaika yekha. Ana a ku Mchesi akamathamangitsana m'tinjira ankalimbirana kuti Mayankho akhale ndani. Makondakitala ankamuitana ndi dzina. Bambo ake okha ndiwo ankaoneka ngati sakumudziwa.

Ndikuti ankaoneka, chifukwa zoona zake zinali zina. Pansi pa tebulo la makina ankasunga kawailesi. Nthawi ya zamasewero ankakatsitsa mawu, n'kumanamizira kuti akudikira mauthenga a maliro. Dzina la mwana wawo likatchulidwa, phazi linkaima lokha pachopalasira. A Gilford akakuwa kuti, "Mwamva, akulu? Wachitanso!" iwo ankayankha kuti, "Makutu ndili nawo," n'kupitiriza msoko.

Loweruka la mpikisano ndilo linkawapweteka. A Magret ankalawirira ndi kachikwama kawo. A Gilford ankalongedza nsapato dzuwa lisanafike pamutu. Khonde lonse linkatsala la a Kamtedza ndi phokoso la okhoma mbaula. Madzulo Mayankho akabwera ndi mendulo, ankapitirira nayo kukhitchini kwa mayi ake, n'kumafotokoza motsitsa mawu kuti asakhumudwitse bambo. Iwo ali pabalaza ankamva kulira kwa kachitsulo kakugundana ndi mbale, kenako kuseka kobisa. Ankalakalaka wina atawaitana. Koma ndani akanaitana munthu amene analumbira? Pang'ono ndi pang'ono zolankhula za bambo ndi mwana zinatsala ziwiri, mwadzuka bwanji ndi mwaswera bwanji.

Za kabudula zija zinali zitasiya kalekale kuwavuta. Anali ataona pa zithunzi kuti othamanga onse amavala chomwecho, monga wosambira savala jekete. Chimene chinkawamanga miyendo ndi mawu awo omwe. Akaganiza zopita, ankaona m'maganizo a Gilford akuimba likhweru n'kuitana galu kuti, "Kamtedza, bwera kuno!" msika wonse ukugwa ndi phwete. Mkulu wa mpingo angabweze bwanji mawu amene ananena ataimirira? Choncho chaka chinkatha, china n'kulowa.

M'chaka chomaliza, mwezi wa Okutobala, Mayankho anafika yekha pakhondepo masana. Anali ataonda, ndipo bondo lakumanzere linali lomanga bandeji. Anagwada pambali pa makina monga ankachitira ali mwana.

"Adadi, Loweruka likubwerali ndikuthamanga komaliza. Adokotala akuti bondoli ndikalikakamiza chaka china ndidzayendera ndodo. Komanso boma landitumiza kukaphunzitsa ku Chitipa. Ndinyamuka Lolemba."

A Kamtedza anadula ulusi ndi mano. "Ku Chitipa ndi kutali."

"Akoleji akonza mwambo wondilemekeza. Dzina langa alilemba pakhoma la holo, ndipo chikho akuti ndilandire kuchokera m'manja mwa makolo anga, onse awiri. Pampando wanu aika kale pepala la dzina."

"Loweruka ndi tsiku la ntchito."

"Ndi masekondi khumi ndi awiri okha, adadi. Sakwana n'komwe."

Mtima wa a Kamtedza unafewa, ndipo mawu akuti ndibwera anafika pakhosi. Koma anaponya diso kumapeto kwa khonde. A Gilford anali atawerama, akupukuta nsapato, osamva n'komwe zimene zinkakambidwa. Kungoona msana wawo kunali kokwanira.

"Mawu anga ukuwadziwa," anatero.

Mayankho anaika khadi loitanira pa tebulo la makina n'kuimirira mosamala bondo lija. "Ine ndidzayang'anabe pampandopo," anatero, n'kutsazika.

Mwambo wa ulemu kwathu kuno sufika popanda yunifomu ya banja. A Magret anagula chitenje chobiriwira cha madontho achikasu, ndipo telala wa banja anali yemweyo wokana. Anasoka bulauzi ndi siketi ya akazi awo, za alamu awo awiri, malaya a malume Lucious, ndi diresi la Mayankho loti adzavale polandira chikho. Miyezo ya mwana wawo sanafunse; anangomuyang'ana kamodzi akudutsa pabalaza. Atamaliza zonse panatsala nsalu ya mamita awiri.

"Mwagula yochuluka," anawauza akazi awo.

"Ndikudziwa kuwerenga anthu a m'nyumba mwanga," anayankha a Magret. "Yotsalayo muona chochita nayo."

Lachinayi m'mawa a Gilford anapita kukatsegula belo la nsapato m'tauni. A Kamtedza anatulutsa nsalu ija n'kudzisokera malaya a manja aafupi, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba. Kolala yake anaiwongola kawiri. Atatha anawapinda n'kuwaika m'jumbo, pansi pa zidutswa za nsalu.

Loweruka banja lonse linasonkhana pakhomo litavala zofanana, ndipo oyandikana nawo anatuluka kudzaona. A Magret anabwerera m'nyumba ngati aiwala kanthu. "Bambo a Mayankho, tipite?" A Kamtedza anali akumanga zingwe za nsapato. "Pitani bwino," anatero osadzutsa mutu.

Pakhonde anapeza malo a a Gilford ali mbee. Anayala thalauza lofuna zipi, nalisiya. Anatsegula wailesi, naitseka. Nthawi itakwana teni koloko anatenga jumbo ija n'kuzungulira kuseri kwa golosale. Anavala malaya aja, pamwamba pake n'kuvala jekete ya kutchalitchi, mabatani onse otseka, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anakwera minibasi mpaka m'tauni, kenako kabaza mpaka pageti la koleji. Wakabaza anawafunsa ngati akudwala malungo.

Geti linali lotsegula mbali zonse ziwiri. Palibe anafunsa khadi. Mlonda anawakodola ndi dzanja. "Lowani, madala, lero n'zaulere. Fulumirani, mtsikana uja watsala pang'ono."

Anaponya phazi limodzi mkati. Kutsogolo, pansi pa tenti, anaona kagulu ka nsalu yobiriwira. Pambali pake a Gilford anali ataimirira pa benchi akuvina okha. Kumbuyo kwawo kunali mzere wa mabulauzi oyera, ndipo a Kamtedza anazindikira msoko wawo ngakhale patali chotero. Phazi lija analibweza.

"Ndikudikira munthu," anamuuza mlonda.

Anatsata mpanda wa njerwa mpaka pamtengo wa mango, pamene mayi wina ankagulitsa nzimbe ndi mafirizesi. Anagula firizesi limodzi kuti akhale ndi chifukwa choimira pamenepo. Mpandawo unali wautali kuposa mutu wawo. Chimene chinkadutsa pamwamba pake ndi mawu a chimkuzamawu basi.

"Tisanayambe," anatero woyendetsa mwambo, "atitsegulire ndi pemphero a Felix, mkulu wa mpingo wa kwawo kwa Mayankho."

A Kamtedza anamva mawu amene ankawadziwa bwino akuthokoza Mulungu chifukwa cha miyendo ya mwanayu, imene yakweza dzina la mpingo ndi la Mchesi yense. Ameni wake anagwedeza bwalo. Wina angaganize kuti pempherolo linawamasula. Ayi ndithu, linangomangitsa mfundo. M'mutu mwawo munali chinthu chimodzi: onse amene anamva lumbiro lija ali momwemo, palibe wajomba.

Mipikisano ina inadutsa. Kenako dzina la Mayankho Kamtedza linatchulidwa, khamu linakuwa, n'kukhala chete. Bata lake linali loti a Kamtedza anamva ntchentche pa makoko a nzimbe. Mfuti inalira. Phokoso linanyamuka kudzanja lamanzere n'kumayenda kuseri kwa mpanda, ndipo iwo analitsata ndi maso pa njerwa, njerwa ndi njerwa, mpaka linakaphulika kudzanja lamanja. Zinatha asanameze malovu. Firizesi lija linali litasungunukira m'manja.

"Masekondi 11.7!" chinakuwa chimkuzamawu. "Waphwanyanso rekodi yake yomwe! Watsazika ngati mfumukazi!"

Mayi wa nzimbe analulutira mpeni uli m'manja. "Eee, koma makolo a mwana ameneyu ndi odala. Ine wanga angothamangira kumavidiyo." Kenako anawayang'anitsitsa a Kamtedza pakhosi, pamene kolala yobiriwira inasuzumira kunja kwa jekete. "Koma bambo, nsalu yanuyo ikufanana ndi ya abale ake aja alowa m'mawa. Ndinu achibale?"

A Kamtedza anakankhira kolala mkati. "Ndine telala chabe," anatero. "Ndinawasokera."

Mawuwo atatuluka anawawa ngati adzibaya ndi singano pansi pa chikhadabo. Anakana mwana wawo pamaso pa munthu wosamudziwa, amene sanamvepo za lumbiro lililonse.

Patapita nthawi mwambo wa ulemu unayamba. Mkulu wa koleji anawerenga zaka zinayi za Mayankho, mpikisano ndi mpikisano, mizinda imene anapita, atsikana amene anayamba kuthamanga chifukwa cha iye. Anati koleji idzadikira nthawi yaitali kuti ione wina wotere. Kenako woyendetsa mwambo anaitana makolo. Dzina la a Magret linalandiridwa ndi nthungululu.

"Bambo Weston Kamtedza, tikupempha mubwere kutsogolo."

Bwalo linadikira.

"Bambo Kamtedza, ngati muli pakati pa anthu kapena kumbuyo, apatseni njira."

Kuchokera pamtengo wa mango kufika pageti panali mapazi osapitirira makumi asanu, theka la mtunda umene mwana wawo anali atangoudula ndi bondo lodwala. Dzanja lawo linafika pa batani loyamba la jekete. Analimasula. Anaganiza za anthu onse aja akutembenuka nthawi imodzi, a Gilford akuloza ndi chala. Analitsekanso.

Kachitatu dzina linaitanidwa mofooka, ngati mmene amaitanira wodwala amene wachoka pamzere. Kenako woyendetsa mwambo anati malume aimirira m'malo mwa bambo, ndipo anthu anaomba m'manja mwaulemu. Mayankho atapatsidwa mpata wolankhula anathokoza aphunzitsi, anzake ndi mayi ake.

"Diresi ndavalali anasoka ndi bambo anga," anatero. "Sanandiyeze n'komwe. Ndimafuna aone kuti landikhala."

Analephera kupitiriza, ndipo khamu linaomba m'manja mwamphamvu kuti limuphimbe. A Kamtedza analira. Anatembenukira ku njerwa kuti mayi wa nzimbe asaone, koma mapewa a jekete ankagwedezeka. Mwambo usanathe anachoka mofulumira kuopa kukumana ndi anthu pageti. Pamene gulu la nsalu yobiriwira linkatsika minibasi ku Mchesi likuimba, linawapeza pakhonde atavala malaya awo a masiku onse, akulowetsa zipi pa thalauza.

Lolemba m'mawa ananyamula chikwama cha mwana wawo mpaka pa siteji. A Magret anatsalira m'mbuyo dala. Bambo ndi mwana anaima moyandikana akuyang'ana msewu.

"Adadi, ndinayang'ana pampando paja mpaka mfuti kulira. Ndinatsala pang'ono kuchedwa kunyamuka."

Apa ndiye panali poululira zonse. Akanangoti, mwana wanga, ndinalipo, ndinamva zonse, ndinali kuseri kwa mpanda. Koma tsopano manyazi anali atabereka ena. Munthu wamkulu anganene bwanji kuti anavala yunifomu pansi pa jekete n'kukabisala kwa wogulitsa nzimbe?

"Ntchito inachuluka," anatero.

Mayankho anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira yankho limene ankaliyembekezera. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, nakwera. Sanasuzumire pawindo.

Tsiku lotsatira a Gilford anayala nsapato zawo ali duu, zomwe sizinachitikepo. Dzuwa litakwera anabwera kudzakhala pa benchi ya makasitomala.

"Akulu, ine ndimakulemekezani. Koma zija mwalakwa. Dzina lanu analiitana katatu. Chinakuletsani n'chiyani kwenikweni?"

A Kamtedza anapalasa makina opanda nsalu. "Mukufunsa inu? Simunalipo tsiku lija ndinalumbira? Kuti dzina langa mupatse galu wanu?"

A Gilford anakwinya nkhope, akufufuza m'mutu. Anafufuzadi, sankanamizira. "Galu? Uti? Wofiira uja?" Anawomba m'manja kamodzi. "Akulu, mwaiwala kuti galu ameneyo anagundidwa ndi minibasi chaka chomwecho? Zija si zinali zocheza? Ine ndimayesa nkhani ndi ya tchalitchi. Ngakhale a Felix Loweruka amandifunsa kuti kodi a Kamtedza akudwala."

"Sanakumbuke?"

"Akumbuke chiyani? Iwo anali patsogolo kujambulitsa ndi chikho."

A Gilford anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mnzawo kuseka kunazima. Anabwerera ku nsapato zawo. Zaka zisanu ndi chimodzi a Kamtedza anakhala akulondera mawu amene aliyense anawataya tsiku lomwelo, ndipo chimene anagula nawo ndi mpanda wa njerwa.

Mayankho sathamanganso. Ku Chitipa amaphunzitsa ana a eni ake kunyamuka mfuti ikalira, ndipo akuti makolo amadzaza bwalo. Lamulungu lililonse masana amaimba foni kwa mayi ake. Amacheza nthawi yaitali, kenako a Magret amapita nayo foni pabalaza. Sabata yonse a Kamtedza amakhala akukonza mawu awo pamakina, kuwadula ndi kuwalumikiza, mpaka atakhala bwino. Foni ikafika kukhutu, amamva mpweya wa mwana wawo akudikira.

"Kukuzizira kumeneko?" amafunsa.

"Pang'ono, adadi."

"Uzivala zotentha."

Akatero amabweza foni kwa akazi awo, n'kukhala akuyang'ana pakhomo. Mu Mchesi monse, kuyambira okhoma mbaula mpaka amayi a Mvano, palibe amene sanaonepo Mayankho Kamtedza akuthamanga pampikisano, kupatula bambo amene anamubereka. Njira inali yotsegula, woitana anaitana katatu, wotchinga panalibe. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.